Phunziro la mwezi uno: Kuperekeza mnzathu woyembekezera amene wakodwa mu mowa kapena chamba

Achinyamata anzanga a m'makalabu, phunziro la ulendo uno ndiliyamba ndi kulakwitsa kwanga. Atsogoleri a kalabu, muliwerenge mokweza pamaso pa onse, ndipo anyamata asatuluke poganiza kuti nkhani ya mimba ndi ya atsikana okha. Gawo lawo lilimo.

Ine ndine mlangizi wa zaumoyo mumzinda uno wa Lilongwe. Ndili watsopano pantchito, ndinapatsidwa dzina la mtsikana wina wa zaka 19 amene anasiya kubwera ku sikelo ya amayi oyembekezera. Anabwerako kamodzi kokha, anayezetsa magazi, anapezeka ndi kachirombo ka HIV, analandira botolo loyamba la ma ARV, kenaka kunali zii. Nditafunsafunsa ndinakamupeza ku Old Town, kuseri kwa bala ina kumene ankachita lendi kachipinda ndi anzake awiri. Nthawi inali isanakwane 10 koloko m'mawa koma fungo la kachasu linandichingamira pakhomo. Mimba inali ya miyezi isanu.

Mtima unandipsa. Ndinamukalipira anzake aja akumva. Ndinati, “Iwe, ukufuna kupha mwanayo? Mankhwala unalandira aja ali kuti?” Iye anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenaka anati, “Alangizi, mwamaliza? Zimenezo ndinazimva kale. N'chifukwa chake sindibwerako.” Nditapitanso sabata yotsatira ndinapeza atasamuka, ndipo anzake aja, amene tsopano anali atadziwa za mankhwala chifukwa cha pakamwa panga, anakana kundiuza kumene analowera.

Zonse zimene ndinamuuza tsiku lija zinali zoona. Koma zinamuthamangitsa, ndipo anakhala masabata enanso osamwa ma ARV.

Patapita mwezi ndi theka ndinamuona pamzere wa sikelo. Pambali pake panali mayi wina wachikulire amene amagulitsa mandasi ndi tiyi pafupi ndi depoti ya mabasi. Sanali mbale wake. Nditawafunsa kuti anatha bwanji kumubweretsa, mayiwo anaseka nati, “Mwana wanga, ine tsiku loyamba sindinanene za mowa ayi. Ndinangomufunsa ngati wadya.” Phunziro lathu likukamba za ntchito imene mayi uja anagwira.

Kodi mperekezi ndi ndani?

Kumaiko monga America ndi Britain kuli anthu amene ntchito yawo ndi kukhala pafupi ndi mayi kuyambira ali woyembekezera, pa nthawi yochira, mpaka mwana atakhwimako. Amawatcha doula, mawu ochokera ku Chigiriki amene kale ankatanthauza mkazi wotumikira. Doula si namwino ndipo si mzamba. Sapereka mankhwala, sabereketsa. Iye amamvetsera, amalimbikitsa, amakumbutsa masiku a kuchipatala, amasisita msana matenda akayamba, ndiponso amathandiza mayi kulankhula ndi achipatala pamene iye akuchita mantha. Ena mwa iwo amaphunzitsidwa mwapadera kuthandiza amayi amene amamwa mowa mwauchidakwa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo pali ena amene iwo eni anadutsamo m'vutoli n'kusiya.

Wina angaganize kuti kungokhala pambali pa munthu si chithandizo. Mu 1980 madokotala Roberto Sosa, John Kennell, Marshall Klaus ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika pachipatala china ku Guatemala. Amayi a mimba yoyamba amene anali ndi mayi wina wowakhalira pambali anachira patatha pafupifupi maola 9 chifikireni kuchipatala, pamene amene anali okha anatenga pafupifupi maola 19. Kafukufuku wina wambiri amene anatsatira anaonetsanso kuti amayi operekezedwa sachitidwa opaleshoni kawirikawiri ngati anzawo osaperekezedwa. Mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu wa kumtima kwake pa nthawi yochira.

Kwathu kuno dzina loti doula ndi lachilendo koma ntchitoyo si yachilendo. Kumudzi mtsikana akaima, anankungwi amamulangiza, azakhali ake kapena agogo amamuyang'anira, ndipo tsiku likayandikira wina amanyamula mtolo wa nkhuni ndi ufa kukakhala naye kuchidikiro ngati gadiyani. Boma litaletsa azamba kubereketsa m'midzi mu 2007, ambiri mwa iwo anasanduka operekeza amayi kuchipatala. Pa nkhani ya HIV, bungwe la mothers2mothers, limene linayambira ku Cape Town mu 2001 n'kufika kuno ku Malawi mu 2008, linayamba kulemba ntchito amayi amene ali ndi kachirombo ndipo anabereka ana opanda kachirombo, kuti azilimbikitsa anzawo amene angomva kumene zotsatira za magazi awo.

Vuto la m'tauni ndi loti mtsikana wa ku Devil Street kapena wa ku Bwandilo anankungwi ake anawasiya ku Dedza, ku Ntchisi kapena ku Mchinji, ndipo mwina anachoka kwawo atayambana nawo. Akakhala womwa mowa, ngakhale achibale amene ali nawo ku Mchesi kapena ku Chinsapo amamutaya. Amene akufunika mperekezi koposa onse ndi amene alibe. M'phunziro lino munthu wotereyu tizimutcha mperekezi.

Zimene mowa ndi chamba zimachita kwa mwana wosabadwa

Apa ndifulumira pang'ono chifukwa zambiri munaziphunzira kale, koma mperekezi ayenera kuzidziwa bwino kuti asanamize mnzake.

Mayi woyembekezera akamwa mowa, mowawo umalowa m'magazi ake n'kudutsa pa mchombo kukafika kwa mwana. Chiwindi cha mwanayo sichinakhwime, choncho sichingathe kuchotsa mowa monga chimachitira cha munthu wamkulu. Mowa ukhoza kuchititsa kuti mayi apite padera, mwana abadwe wakufa, abadwe masiku asanakwane kapena abadwe wochepa thupi. Choopsa china, chimene sichioneka tsiku lobadwa, ndi kuonongeka kwa bongo. Mwana wotere amachedwa kukula, amavutika kugwira zinthu m'kalasi, sachedwa kuiwala ndi kupsa mtima, ndipo chilema chimenechi sichichira moyo wake wonse. Ku South Africa, m'dera la minda ya mphesa la Western Cape kumene kale antchito ankalipidwa vinyo ngati gawo la malipiro awo, vutoli ndi lalikulu kuposa madera ambiri padziko lapansi. Kuyambira mu 1999, pa 9 September pamakhala chikumbutso cha ana otere: tsiku la 9 la mwezi wa 9, pokumbukira miyezi 9 ya mimba.

Palibe mlingo wa mowa umene madokotala anaupeza kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera. Palibenso mtundu wabwino. Kachasu, masese, chibuku, mowa wa m'botolo, vinyo wodula wa m'sitolo za ku City Centre, zonsezi mwana zimamufika chimodzimodzi. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma tonse tikudziwa kuti mowa waukali womwewo unangosamukira m'timabotolo totsika mtengo.

Chamba nacho chimafika kwa mwana kudzera m'magazi a mayi, ndipo chimalowanso mu mkaka wa m'mawere n'kukhalamo masiku angapo. Amayi osuta chamba kapena fodya nthawi zambiri amabereka ana ochepa thupi. Pali atsikana amene amasuta chamba ati pofuna kuletsa mseru wa miyezi yoyambirira kapena kuti apeze chilakolako cha chakudya. Za mseru kuchipatala kuli thandizo lake. Ndipo lamulo la chamba la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, silinaloleze kusuta.

Nkhani yabwino ndi iyi, ndipo mperekezi aziibwereza kawirikawiri: bongo wa mwana umakula mpaka tsiku lobadwa, choncho kusiya mwezi uliwonse kumathandiza. Mtsikana amene wamwa miyezi isanu asanene kuti madzi atayika kale.

Chenjezo kwa ofuna kuthandiza

Ichi ndi chimene ine sindinkachidziwa tsiku lija ku Old Town. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, thupi lake limazolowera mowa. Akasiya mwadzidzidzi akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kugwa ndi kuphupha ngati wa khunyu. Zimenezi si matsire wamba. Zikhoza kupha mayi ndi mwana yemwe. Choncho musamutsekere m'nyumba, musamuthire mowa wake pansi n'kumati mwamuchiritsa. Woyembekezera amene amamwa tsiku lililonse, makamaka amene amayamba m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera, asiye mowa moyang'aniridwa ndi achipatala. N'chimodzimodzinso amene wazolowera mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine kapena mapiritsi amphamvu opha ululu: asasiye payekha, akanene kuchipatala.

Mowa, ma ARV ndi mwana

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudzana ndi ntchito ya makalabu athu. Mayi amene ali ndi HIV akapanda kulandira chithandizo, mwa ana 100 aliwonse, ana 15 mpaka 45 amatenga kachirombo ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika, nambalayi imatsika kufika pa ana osakwana 5. Dziko lathu ndi limene linayamba, mu July 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo, osadikira kuti chitetezo chitsike. Ndondomekoyi inkatchedwa Option B+ ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Mankhwala alipo, ndi aulere, ndipo kwa ambiri ndi piritsi limodzi patsiku. Koma piritsi limene latsala m'botolo siliteteza mwana.

Mowa umalowerera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuiwala: munthu amagona ataledzera, amadzuka ndi matsire, tsiku lokatenga mankhwala limadutsa. Yachiwiri ndi yobisika, ndipo ndinaimva kwa mtsikana uja titayamba kugwirizana. Iye sankaiwala ayi. Anamva kuti ma ARV akakumana ndi mowa m'mimba amasanduka poizoni, ndiye tsiku lililonse limene wamwa mowa ankasiya dala mankhwala. Popeza ankamwa tsiku lililonse, mankhwala sankamwa n'komwe. Ndakumana ndi anyamata ambiri a maganizo omwewa. Tamverani bwino: mowa wambiri umaononga chiwindi ndipo tikufuna munthu asiye, koma ngati wamwa kale mowa, piritsi lake la tsikulo amwe ndithu. Kudumphitsa mankhwala kumapatsa kachirombo mpata wochulukana ndi woyamba kupima mphamvu ndi mankhwalawo.

Mtsikana amene anayezetsa n'kupezeka alibe kachirombo asagonerepo. Kuledzera kumaiwalitsa kondomu, ndipo mayi amene watenga kachirombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa amakhala ndi tizirombo tambiri m'magazi masabata oyambirira, moti mwana amatenga mosavuta. N'chifukwa chake ku sikelo amayeza mobwereza. Afunsenso za PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachirombo.

Mmene mayi wa mandasi uja anachitira

Ndinakhala nawo pansi kangapo mayiwo kuti andiphunzitse, ine wa setifiketi. Sanawerengepo buku la uphungu, koma zimene ankachita ndi zomwezo zimene WHO inalemba mu 2014 m'malangizo ake a kasamalidwe ka amayi oyembekezera omwa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo: kufunsa mwaulemu, kusasala, kusunga chinsinsi, ndi kuonetsetsa kuti mayi sakutayika ku chithandizo.

Anayamba ndi chakudya. M'mawa uliwonse mtsikana uja ankapeza kapu ya tiyi ndi mandasi awiri pa benchi yawo. Patapita masiku, iye mwini ndi amene anayamba kufotokoza: za mwamuna amene anakana mimba, za lendi, za kuti makasitomala a pa bala safuna mtsikana wosamwa, za kuti akapanda kumwa tulo sitibwera chifukwa cha maganizo. Mayiwo anati, “Ndinaona kuti mowawu ndi bulangete lake. Sungamulande munthu bulangete mu June usanamupatse lina.” Atsikana ambiri amene ndakumana nawo samwa chifukwa chokonda chisangalalo. Kuseri kwake kumakhala nkhanza, njala, kugwiriridwa ali mwana, kapena mantha a zotsatira za magazi zimene sanauzepo munthu.

Kenaka anamupempha chinthu chimodzi chokha, chaching'ono: kuti botolo la ma ARV lizikhala m'chikwama cha mayiwo, ndipo azimwa piritsi pamodzi ndi tiyi uja. Mtsikanayo anavomera yekha. Dziwani kuti nkhani ya magazi anaiulula ndi mwini wake, ndipo mayiwo sanaiuze munthu, ngakhale mwana wawo amene amawathandiza kukazinga mandasi. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limateteza chinsinsi chimenechi. Zimene ndinachita ine, kutchula mankhwala pamaso pa anzake, zinali kulakwa kwakukulu.

Za sikelo anazitenga mochenjera. Mtsikanayo ankaopa kuti akamukalipira chifukwa cha fungo ndiponso chifukwa chobwera wopanda mwamuna. Mayiwo anasiya geni yawo m'manja mwa mwana wawo, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, napita naye m'mamawa asanalawe kanthu. Atalowa kwa namwino anapempha chilolezo cha mtsikanayo kaye, kenaka anati, “Anamwino, mwana wangayu ali ndi vuto la mowa ndipo akufuna thandizo. Wachita manyazi kunena yekha.” Mawu amenewa anasintha zonse. Namwino amene wauzidwa zoona amadziwa zoyenera kuyang'ana, amadziwa kuti mwana akabadwa afunika kumuonetsetsa, ndipo akhoza kutumiza mayi kwa namwino wa matenda a maganizo. Mu Lilongwe muno, a St John of God ku Area 43 amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Za ma ARV, ku Old Town kuli Martin Preuss Centre, imene bungwe la Lighthouse linatsegula mu 2006 mkati mwa mpanda wa chipatala cha Bwaila.

Masiku ano amayi oyembekezera amalangizidwa kuonana ndi achipatala maulendo 8, kuyambira miyezi itatu yoyambirira. Ku sikelo n'kumene amayeza kuthamanga kwa magazi ndi chindoko, n'kumene amapereka mapiritsi oonjezera magazi, fansida ndi neti. Mtsikana wathu anayamba mochedwa ndipo anakwanitsa maulendo anayi. Mowa sanasiyiretu nthawi imodzi. Anachepetsa motsatira malangizo a achipatala, anasiya milungu itatu, anamwanso tsiku limene mwini nyumba anamutulutsira katundu panja, kenaka anasiyanso. Tsiku limene anamwalo anabisala masiku awiri chifukwa cha manyazi. Mayiwo anamutsatira, ndipo mawu awo oyamba anali oti, “Tiyi wako wazizira.” Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi wa 8 anakonzeratu zonse: zitenje, beseni, kabuku ka kuchipatala, ma ARV, ndalama ya galimoto yomangidwa pa kansalu imene ankasunga mayiwo kuti isathere ku kachasu, ndi nambala ya foni ya woyendetsa galimoto amene angadzuke usiku. Anafunsiratu ngati gadiyani amaloledwa kulowa m'chipinda chochirira, poti zipatala zimasiyana malinga ndi malo. Anamukanizanso mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda amene anzake anamubweretsera, chifukwa amatha kung'amba chiberekero. Anamwino m'zipatala zathu ndi ochepa ndipo mmodzi amayang'anira amayi angapo nthawi imodzi. Mperekezi salowerera ntchito yawo. Iye amapereka madzi akumwa, amayendetsa mayi, amamusisita, ndipo akaona magazi kapena mayi akukomoka amathamanga kukaitana.

Mwana atabadwa

Ambiri timaganiza kuti mwana akabadwa ntchito yatha. Kwa mayi wa vuto la mowa, apa ndi pamene pali phompho. Ali woyembekezera anali ndi chifukwa chodziletsera. Tsopano mwana watuluka, tulo palibe, ndalama palibe, alendo obwera kudzaona mwana atha, ndipo chibaba chimabwerera ndi mphamvu. Amayi ena amagwidwa ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka: kulira kosatha, kusafuna kuyamwitsa, kusadya, kuganiza zodzipha. Si ufiti kapena ulesi, ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Mayi akanena zodzipha kapena zopweteka mwana, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana wa mtsikana uja anabadwa wochepa thupi koma wamphamvu. Mayi wa mandasi anawatengera kwawo mpaka atatuluka chikuta. Anaonetsetsa kuti mwana akulandira mankhwala ake oteteza ku HIV tsiku lililonse kwa masabata 6 oyambirira, kuti mayi wabwerera kuchipatala patatha sabata imodzi, ndiponso kuti pa masabata 6 mwana wakayezedwa magazi, walandira katemera ndipo wayamba bakitirimu. Tsiku lomwelo mayi anasankha njira yolera.

Pa nkhani yoyamwitsa pali bodza limene muyenera kulitsutsa kulikonse kumene mwalimva, loti chibuku kapena masese amachulukitsa mkaka. Mowa umachepetsa mkaka, ndipo umalowa mu mkakamo. Chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi, kudya mokwanira ndi kumwa madzi kapena thobwa losasasa. Nanga mayi akagwa n'kumwa, atani? Asasiye kuyamwitsa, ndipo asayambe kupatsa mwana phala kapena madzi miyezi 6 isanakwane, pakuti kusakaniza kotere kumaonjezera mpata woti mwana atenge kachirombo. Botolo limodzi la mowa wamba limatenga pafupifupi maola awiri kuti lichoke mu mkaka, ndipo mowa ukachuluka maola amachulukanso. Mayi wa mandasi anaphunzitsa mtsikanayo kukamira mkaka m'kapu yoyera ali bwinobwino, ndipo anapangana naye pangano limodzi losasweka: akamwa, mwana sagona naye pamphasa ndipo samubereka kumbuyo. Amubweretse kwa iwo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo sadzamufunsa mafunso mpaka kutacha. Mayi woledzera akhoza kugonera khanda osamva kanthu. Pa chaka choyamba anagogoda usiku kawiri.

Mwanayo anayezedwa pa masabata 6, pa miyezi 12, ndi pa miyezi 24 atasiya kuyamwa. Maulendo onse atatu anapezeka alibe kachirombo. Anachedwa kuyenda ndi kulankhula poyerekeza ndi anzake, ndipo tikumuyang'anirabe ku sikelo ya ana. Mayi ake pano amagulitsa kaunjika. Sindinganene kuti nkhondo yake ndi mowa inatha, koma tsiku lokatenga mankhwala saphonya.

Kumayadi nakonso

Musaganize kuti vutoli ndi la kuseri kwa mabala kokha. Ena mwa inu mumakhala ku Area 10, Area 12, Area 43 kapena Area 47, ndipo mukudziwa zimene mipanda ya njerwa imabisa. Kuli mtsikana wa kukoleji amene wabisa mimba kwa makolo ake ndipo Loweruka lililonse ali ku phwando. Kuli mayi wa pa ofesi ku Capital Hill amene amamwa vinyo yekha usiku poti bambo sabwera msanga. Kuli wantchito wa pakhomo wochokera ku Kauma kapena ku Mtandire amene akumanga mimba ndi nsalu kuopa kuchotsedwa ntchito. Ine ku Old Town ndimalowa pakhomo pa munthu ndi odi chabe, koma kumayadi ndimathera pa geti kulankhula ndi mlonda. Kumeneko ndalama ya chipatala cholipira ilipo, chimene chimasowa ndi munthu woti n'kumuuza zoona. Inu amene mumalowa m'mipandamo ngati abale ndi anzawo ndi amene mungafike kumene ife sitifika.

Nanga kalabu ingachitepo chiyani?

Sindikunena kuti mtsikana wa Fomu 3 asanduke mperekezi wa mayi wa vuto la mowa. Katunduyu ndi wolemera ndipo amafuna munthu wokhwima maganizo, makamaka mayi amene anaberekapo. Ntchito yanu ndi kuzindikira mnzanu amene wayamba kubisala, kumulankhula muli awiri iye asanamwe, ndi kumufunsa kuti, “Kodi pali munthu wamkulu amene umamukhulupirira?” Akatchula, muthandizeni kukamupeza. Akasowa, bwerani naye kwa ife alangizi a zaumoyo, kwa amayi a gulu la anthu amene ali ndi HIV la m'dera lanu, kapena kwa amayi a mvano ndi a dawa amene mukuwadziwa kuti sayenda ndi nkhani. Mperekezi akapezeka, muthandizeni: kumudikirira geni tsiku la sikelo, kutunga madzi, kuchapa matewera, kusonkha ya minibasi. Ngati pali womumenya kapena womukakamiza kugona ndi makasitomala, nkhaniyo ndi ya ku Victim Support Unit ya kupolisi, osati yoti kalabu ikamenye nkhondo yokha. Ngati mtsikanayo sanakwane zaka 18, munthu wamkulu wodalirika ayenera kudziwa msanga.

Anyamata, botolo limene mtsikana woyembekezera akumwa nthawi zambiri wagula ndi mwamuna. N'kovuta kuti iye asiye pamene inu mukubwera nalo m'nyumba madzulo aliwonse kapena mukusutira chamba m'chipinda momwe mukugona khanda. Ngati mimbayo ndi yanu, siyani naye limodzi miyezi imeneyi, kayezetseni limodzi, ndipo tsiku la sikelo mukakhale naye pa benchi.

Zochita pa kalabu

Sankhani anthu atatu achite sewero la mphindi khumi. Mmodzi akhale mtsikana wa mimba ya miyezi isanu amene wasiya sikelo, wina akhale mlangizi wokalipa monga ndinachitira ine, wachitatu akhale mayi wa mandasi. Oonerera alembe mawu enieni amene anatseka pakamwa pa mtsikanayo ndi amene anamutsegula. Mukatha, kambiranani mafunso awa.

Mnzanu wakuuzani kuti dzulo sanamwe ma ARV chifukwa anamwa mowa. Mumuyankha kuti chiyani?

Mtsikana wakupemphani kuti musauze munthu aliyense kuti akumwa ali woyembekezera, koma mukuona kuti manja ake amanjenjemera m'mawa uliwonse. Mungasunge bwanji chinsinsi chake popanda kumusiya pangozi?

M'dera lanu, ndi amayi ati atatu amene mtsikana wotere angagogode pakhomo pawo 2 koloko usiku? Musawatchule maina pagulu. Aliyense alembe pa kapepala, apatse mtsogoleri wa kalabu, ndipo mtsogoleriyo akawaone amayiwo mwezi uno usanathe kuti amve ngati angavomere.